Damu likadwala usiku, liimbira ndani?

Chaka china m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ku Mtakataka, kalabu ya alimi imene malume anga ndi membala idataya mpope wake usiku umodzi wokha. Sikuti udabedwa ayi. Madzi adaphwa pamalo pamene mpopewo unkakoka, paipi idayamba kumeza mchenga ndi mpweya, ndipo mota idapitiriza kuzungulira popanda madzi oiziziritsa mpaka idapsa. Mlonda adali kumaliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo palibe amene akadamudzudzula, poti kwathu kuno maliro ndi a tonse.

M'mawa mwake alimi adalonjeredwa ndi fungo la waya wopsa. Padatenga masabata atatu kuti asonkhe ndalama yokonzetsera mota ija, ndipo pofika nthawiyo chimanga chimene chidali chitamasula kale ngayaye chidali chitafota. Malume adangogwira chibwano n'kunena kuti: "Mpope uja ukadakhala ndi pakamwa, bwenzi utatiitana."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwaganizira, chifukwa masiku ano makina ali nacho pakamwa. Mpope, thiransifoma, furiji ya katemera, ngakhale damu lenilenilo, zonsezi zingathe kuimba foni kapena kutumiza uthenga zikayamba kuvutika. Luso limeneli si la ku Ulaya kokha. Lidafika kale kuno kumunsi kwa mapiri a Dedza. Koma chimene ndikufuna tikambirane lero si kudabwitsa kwa makinawo. Funso langa ndi lakuti: makina akaimba foni pakati pa usiku, amene ayankhe ndani, ndipo akayankha achita chiyani?

Mmene makina amaimbira foni

Nkhaniyi imamveka yovuta, koma ili ndi mbali zitatu zokha, monga mmene zilili ndi mlonda wabwino: maso, nzeru ndi pakamwa.

Maso ndi tizipangizo toyeza zinthu. Kena kamayeza kutentha kwa mota. Kena kamayeza mphamvu ya magetsi pa waya aliyense, kotero kamadziwa msanga feizi imodzi ikathawa, vuto limene lapsereza mamota ambiri m'zigayo zathu. Kena kamaikidwa pansi pa mlatho, n'kumaponya kaphokoso kamene khutu la munthu silingamve kulunjika pamadzi. Kaphokosoko kakagunda madzi kamabwerera, ndipo nthawi imene katenga kuti kabwerere ndiyo imauza kachipangizoko ngati mtsinje wakwera kapena watsika.

Nzeru ndi kabokosi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono mkati. Amisiri amakauza malire: madzi akafika apa, palibe vuto, akafika apa, chenjeza, akapitirira apa, liza belu. Kabokosiko sikatopa, sikaodzera, ndipo kamalemba zimene kaona mphindi zingapo zilizonse, usana ndi usiku.

Pakamwa ndiye lamya. Kale, m'mafakitale ndi m'malo opopera madzi a m'mayiko ambiri, kabokosika kankalumikizidwa ku lamya ya m'nyumba, ija ya mawaya a kopa. Vuto likachitika kankaimba nambala yoyamba pamndandanda n'kulankhula mawu ojambulidwa kale. Munthu akapanda kuyankha kankaimba nambala yachiwiri, kenako yachitatu, mpaka wina atayankha n'kudina batani lotsimikiza kuti wamva. Kwathu kuno lamya za mawaya sizidafike m'midzi yambiri, ndipo kumene zidafika akuba mawaya a kopa adazivutitsa kwambiri. Chimene chidatsegula njira ndi foni za m'manja. Kuchokera pamene TNM idayamba ntchito mu 1995, n'kubwera Celtel mu 1999, yomwe lero ndi Airtel, nsanja za netiweki zafalikira mpaka m'mbali mwa nyanja. Lero kabokosi kaja kamangofuna simu khadi ngati ya m'foni yanu, batire ndi kasola kakang'ono.

Mabokosi abwino amachitanso zinthu zina ziwiri. Choyamba, amatha kuzimitsa okha makina zinthu zikafika poipa, asadadikire munthu. Mpope wa kalabu ya malume ukadakhala ndi kotere, bwenzi utazima wokha madzi atangophwa. Chachiwiri, amatumiza uthenga pa nthawi yoikika tsiku lililonse wongonena kuti zonse zili bwino. Uthengawu ukapanda kufika, kukhala chete kumeneko ndiye chenjezo: mwina batire yatha, mwina sola yabedwa, mwina netiweki yagwa.

Zili kale pakhomo pathu

Amene amayenda pa msewu wa M5 amawaona masola amene ayala ngati nyanja ku Golomoti. Malo opangira magetsiwa, amene adamangidwa ndi makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa, adayamba kugwira ntchito mu 2022. Amapanga magetsi okwana mamegawati 20, ndipo ali ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi a mamegawati 5. Masola oposa 50,000 sangayenderedwe ndi munthu limodzilimodzi tsiku lililonse. Makina ndiwo amadziyeza okha n'kumatumiza malipoti pa kompyuta, kotero mzere umodzi ukafooka kapena batire ikatentha kuposa muyezo, amisiri amadziwa pomwepo ndipo amapita molunjika pamene pali vuto.

Nalo bungwe la ESCOM lili ndi njira yotereyi, imene amisiri amaitcha SCADA. Idakhazikitsidwa mwamakono ndi thandizo la dziko la America kudzera m'pangano la Millennium Challenge Corporation, la ndalama zokwana madola 350.7 miliyoni, limene lidatha mu 2018. Munthu wokhala m'chipinda ku Blantyre amatha kuona mmene magetsi akuyendera m'masiteshoni akuluakulu a m'dziko muno, ngakhale kutsegula ndi kutseka maswichi ali komweko.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za makampani a ndalama zambiri. Tiyeni ndiye tipite m'mudzi. Ku Mthembanji, m'boma lomwe lino la Dedza, kuli kagiridi kakang'ono ka magetsi a dzuwa ka makilowati 12 kamene kadayamba mu 2020. Kadabwera kudzera m'mgwirizano wa University of Strathclyde ya ku Scotland ndi bungwe la United Purpose, ndi ndalama za boma la Scotland. Makasitomala ake oyamba adali pafupifupi 60: nyumba, magolosale ndi timabizinesi tina. Mamita a kumeneko amatumiza okha malipoti kudzera pa netiweki ya foni, kotero amene amayang'anira ntchitoyi amatha kuona magetsi amene agwiritsidwa ntchito ndi mmene mabatire alili ngakhale ali kutali. Ngati mudzi ungakhale ndi mamita olankhula, sikimu ya mahekitala mazanamazana ingalephere bwanji?

Chitsanzo chimene chikutikhudza kwambiri ndi cha mitsinje. Kuyambira mu 2017 boma, kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, lidayendetsa ntchito ya M-CLIMES mothandizidwa ndi UNDP komanso thumba la Green Climate Fund. Ntchitoyi idaika makina oyeza nyengo ndi madzi m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo zoyandama pa Nyanja ya Malawi zoyeza mafunde ndi mphepo, nkhani imene msodzi aliyense wodziwa ukali wa mwera angaimvetse. Idaikanso makina ochenjeza za madzi osefukira m'mitsinje ya m'maboma asanu ndi atatu, ndipo Dedza ndi limodzi mwa mabomawo. Luso lake lidachokera ku Nepal, dziko la mapiri kumene anthu a kumunsi amakhala ndi vuto lofanana ndi lathu. Kachipangizo kamakhala kumtunda kwa mtsinje, madzi akakwera uthenga umathamanga pa netiweki, ndipo kumunsi belu limalira komanso mafoni a atsogoleri a m'mudzi amalandira chenjezo.

Namikokwe sagogoda

Aliyense wobadwira m'chigwa cha Bwanje amadziwa khalidwe la mitsinje yathu. Namikokwe, Nadzipulu, Livulezi ndi Nadzipokwe wa ku Mua imachokera kumapiri, ndipo imatsika phompho lalitali isadafike kuchigwa. Mvula ingagwe usiku wonse kumtunda, kuno nyenyezi zikuwala, ndiye mbandakucha mumangomva mkokomo. Madziwo sabwera okha. Amanyamula mchenga, miyala ndi zitsa, makamaka masiku ano pamene mitengo ya m'mapiri yathera ku makala.

Sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo imadyetsa mabanja pafupifupi 2,000. Mpunga wa Kilombero wochokera muno umadziwika m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma akuluakulu akukumbukira kuti sikimuyi idakali yatsopano, madzi osefukira a Namikokwe adagumula gombe n'kuononga ngalande yaikulu, ndipo mchenga udadzaza m'njira za madzi. Padafunika kuti a ku Japan abwerenso ndi ndalama zina kudzakonza, kusuntha ngalande kuichotsa m'mphepete mwa mtsinje ndi kumanga malo otsekera mchenga. Pambuyo pake, poona kuti m'chilimwe madzi ankangokwanira gawo lochepa la sikimu, European Union idathandiza kumanga damu kumtunda, losunga madzi oposa makyubiki mita 5 miliyoni, kuti alimi azilima kawiri pachaka.

Chuma chonsechi chili pamalo pamene madzi amalamulira. Sindikunena kuti damu lathu likudwala ayi. Ndikunena kuti damu lililonse padziko lapansi limafuna kulondera, ndipo likayamba kudwala limaonetsa zizindikiro. Damu la dothi ndi miyala limachucha pang'ono, ndipo zimenezo si zachilendo. Choopsa ndi pamene madzi ochuchawo achuluka mwadzidzidzi kapena asanduka a matope, chifukwa zimatanthauza kuti madzi ayamba kudya khoma mkati. Pali tizipangizo timene timakwiriridwa m'khoma n'kumayeza mphamvu ya madzi mkatimo, tina timayeza madzi ochucha, tina timayeza kukwera kwa madzi m'damu. Tonseti tingathe kulumikizidwa ku kabokosi koimba foni kaja.

Zimene zidachitika mumzinda wa Derna m'dziko la Libya mu Sepitembala 2023 zikutiphunzitsa kanthu. Madamu awiri adagumuka pakati pa usiku mvula yamkuntho itagwa, ndipo anthu oposa 4,000 adafa, ambiri ali m'nyumba zawo. Nafenso sitidaiwale namondwe wa Ana mu Januwale 2022, amene adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, amene adakokolola midzi m'chigawo chakummwera. Belu silingaimitse madzi. Chimene belu limapereka ndi nthawi. Pa mtsinje wotsika phiri, ola limodzi kapena awiri ndi okwanira kutseka zitseko za pamutu pa ngalande kuti mchenga usalowe m'sikimu, kuchotsa mipope m'mphepete mwa mtsinje, kutulutsa mbuzi m'khola, kudzutsa agogo ndi kubereka ana kupita kumtunda.

Ndipo si za ngozi zokha. M'chilimwe, mikangano yambiri m'masikimu imakhala ya madzi: a kumunsi amati a kumtunda akutseka, a kumtunda amati madziwo ndi ochepa. Kachipangizo koyeza madzi pamutu pa ngalande ndi kena kumapeto kwake tingathe kutumiza manambala kwa komiti m'mawa uliwonse. Manambala alibe mlamu, alibe mbale. Pamene pali umboni wotere, mlandu umatha msanga.

Pamene pamaduka chingwe

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. M'dziko muno taona zipangizo zambiri zabwino zikubwera ndi nyimbo ndi magule, patapita zaka ziwiri n'kukhala zisa za mavu. Makina ochenjeza nawonso amafa imfa yomweyo, ndipo kawirikawiri chimene chimawapha si chachikulu.

Choyamba ndi mayunitsi. Simu khadi ya m'kabokosi imadya ndalama ngati ya munthu. Ntchito ya mabungwe ikatha, pamafunika wina woti azigula bandulo mwezi ndi mwezi. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa. Chipangizo cha mamiliyoni chimakhala chete chifukwa cha ndalama yosakwana n'komwe mtengo wa nkhuku.

Chachiwiri ndi kuba. Kasola ndi batire zili patchire ndi nyambo kwa munthu wofuna kutchajitsa mafoni kunyumba kwake. Wobayo saganiza kuti wachotsa khutu la mudzi wonse. Loko yekha sangathetse vutoli. Anthu okhala pafupi ndi chipangizocho ayenera kudziwa ntchito yake ndi kuiona kuti ndi yawo. Apa pali mfundo yovuta: kachipangizo kamakhala kumtunda, koma opindula ali kumunsi. Mafumu a mbali zonse ziwiri akapanda kukhala pansi n'kugwirizana, a kumtunda aziona ngati akulondera chuma cha eni.

Chachitatu ndi netiweki yomwe. Tsiku la mvula yamkuntho, limene chenjezo likufunika kwambiri, ndi tsiku lomwenso magetsi amathima ndipo nsanja zina zimasiya kugwira ntchito. M'zigwa za pakati pa mapiri netiweki imavuta ngakhale kunja kuli bwino. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amaika masimu awiri a makampani osiyana, kapena kuwonjezera wailesi yolumikiza kumtunda ndi kumunsi mwachindunji. N'chifukwa chakenso njira zakale siziyenera kutayidwa: ndodo yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira m'mbali mwa mtsinje, munthu woiwerenga, wenzulo, ng'oma ndi belu la kutchalitchi.

Chachinayi ndi kulira kwabodza. Chitsa chikakodwa pansi pa mlatho, kachipangizo kangaganize kuti madzi akwera. Belu likalira kawiri katatu popanda madzi, ulendo wachinayi anthu amangotembenuka n'kufunda bulangete. Mankhwala ake ndi kuyendera chipangizocho pafupipafupi, kuchipukuta, ndi kuwafotokozera anthu chilungamo nthawi iliyonse pamene belu lalira molakwika.

Chachisanu, chomwe ndi chachikulu kuposa zonse, ndi munthu. Uthenga ungafike bwinobwino pafoni imene yathima chifukwa mwini wake sadatchaje. Ungafike kwa mkulu wa komiti amene adachoka paudindo chaka chatha, kapena kwa mlangizi amene adasamutsidwira ku boma lina. Ungafike m'Chingerezi, wodzaza ndi manambala, kwa munthu amene sangadziwe ngati mamita 2.4 ndi nkhani yothawa kapena yogona. Ungafikenso kwa anthu khumi, aliyense n'kuganiza kuti mnzake wachitapo kale kanthu. Ambiri mwa olima mpunga ndi amayi, koma m'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba la bambo, amene madzulo angakhale ali kumsika kapena kunyanja. Mndandanda wa manambala ukapanda kuganizira zimenezi, chenjezo limathera m'njira.

Mafunso oti tifunse

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Makina awa ndi mnansi wotere, koma khutu lotsinidwalo ndi lathu. Choncho alimi a m'sikimu, makomiti a madzi, makomiti oona za ngozi m'midzi, mafumu a kwa Kachindamoto ndi makhansala ali ndi mafunso oyenera kufunsa pa chipangizo chilichonse chimene chilipo kapena chikubwera.

Chikalira, chimaimbira ndani? Mayina ndi manambala alembedwe, apachikidwe poonekera ku ofesi ya sikimu, ndipo aziunikidwa mvula isadayambe chaka chilichonse. Pamndandandapo pakhale amayi, pakhale achinyamata, pakhale munthu wogona pafupi ndi zitseko za ngalande.

Woyankhayo achite chiyani? Pakhale malangizo achidule m'Chichewa: uthenga wachikasu, dzutsa komiti, wofiira, tseka zitseko, liza belu, anthu apite kumalo akutiakuti. Ndipo izi ziziyeseredwa masana kunja kuli bwino, kuti tsiku la ngozi miyendo izidziwa kale kolowera.

Amalipira ndani? Alimi amasonkha kale ndalama ya madzi. Kagawo kochepa kokha kataikidwa padera kuti kazigula mayunitsi ndi batire yatsopano pakatha zaka zingapo, makinawo sangadikirenso mlendo wochokera kunja kuti adzawadzutse.

Amakonza ndani? Ku Golomoti, ku Mtakataka ndi ku Mua kuli anyamata ndi atsikana amene amatsegula foni yakufa n'kuidzutsa, ena amalumikiza masola m'nyumba za anthu. Amene akubweretsa zipangizo aziphunzitsa awiri atatu mwa amenewa, kuti fyuzi ikapsa tisamadikire galimoto yochokera ku Lilongwe.

Kalabu ya malume idagula kabokosi kozimitsa mpope madzi akaphwa, kokhala ndi simu khadi mkati. Mtengo wake sudafike n'komwe pa ndalama imene adalipira pokonzetsa mota ija. Adalembetsa manambala atatu: la mlonda, la msungichuma, ndi la mayi wina amene nyumba yake ili pafupi ndi dimba. Pamsonkhano wa mwezi uliwonse, asadayambe nkhani zina, msungichuma amaonetsa risiti ya mayunitsi a mpope.

Usiku wina chaka chatha foni ya mayi uja idalira cha m'ma 2 koloko. Adadzuka, adayatsa tochi, adadzutsa mwana wake wamwamuna, ndipo adakapeza mpope utazima wokha, paipi itatsekeka ndi zinyalala. Adachotsa zinyalalazo n'kubwerera kukagona. M'mawa kutacha, ambiri m'kalabumo sadadziwe n'komwe kuti usiku kudachitika kanthu, ndipo madzi adali akuyenda m'mizere monga mwa masiku onse.